Mawondo Anga ndi Ntchito ya Amalume Ako

Lemba momwe ndikuyankhuliramu, mdzukulu wanga, usandikonzere mawu. Okonza pakamwa pa anthu alipo kale pabanja pano, ndi amalume ako.

Mwana wanga ameneyo anayamba ngati mtolankhani wa pa wailesi ku Songea. Ankayenda ndi kachitsulo kojambulira mawu, nsapato zitayasama kutsogolo, n'kumadikirira akuluakulu a boma pakhomo pa ofesi. Msewu wa ku Liparamba mukonza liti? Nanga mlatho uja? Ife kuno ku Mbamba Bay tikamva mawu ake tinkasiya kusankha usipa n'kuunjikana pa wailesi. Ine mtima uli m'mwamba, ndimvekere mwana ameneyu pakamwa padzamupweteketsa. Koma m'malo momumanga, boma linamulemba ntchito. Akuti mlangizi wa zofalitsa nkhani.

Ndinamufunsa, "Ndiye umatani kwenikweni?"

Akuti, "Amayi, ndimathandiza bwana kuyankha atolankhani."

Ndinati, "Oho! Mlenje wasanduka mlonda wa nyama."

Asanakhazikike n'komwe pa ntchitoyo, kunamveka kuti bwana wakeyo, wolemekezeka wa boma, mheshimiwa monga amanenera kuno, abwera kudzatsegulira matandala atsopano oyanikapo usipa. Mwana wanga anatsogola kudzakonza zonse, atavala jekete kukutentha chonchi. Anasankha ine kuti ndidzayankhule m'malo mwa amayi a usipa, poti anzanga aja ukawapatsa mpata sakhala chete mpaka dzuwa kulowa.

Ananditengera kuseri kwa nyumba. "Amayi, mudzangoti matandala ndi abwino, asante, basi. Za msewu musatchule. Ndipo chonde, musadzagwade."

"Iwe, wati chiyani?"

"Makamera amawatchera pa msinkhu wa munthu woimirira. Mukagwada mutuluka m'chithunzi, bwana aoneka ngati akuyankhula ndi mphepo."

"Ine ndipereke moni kwa munthu wamkulu nditaima njo ngati msilikali? Mayi anga ku Nkhotakota angadzuke m'manda!"

Akuti, "Amayi, adakandiyesa. Zikalakwika andichotsa. Ntchito yanga ili m'mawondo mwanumo."

Ndinavomera, nanga si mwana. Tinayeserera ndithu, iye akukhala bwana, ine ndikugwirira mtengo wa mango kuti ndisatsike.

Tsikulo litafika, magalimoto mbwee, amayi a kutchalitchi akuimba, apolisi akukankha ana. Bwanayo anatsika, chimunthu chamimba, buluku loyera mbee. Anandiitana. Ndinayenda bwinobwino, mumtima ndikuti ima, ima, ima. Koma atangotambasula dzanja, ndinangozindikira ndili kale pamchenga. Mawondo okalamba salangizika, mwana iwe. Agwada kuyambira ndili kamtsikana, angasiye chifukwa cha kamera?

Ndinaponya diso kwa mwana wanga. Anali atatsinzina, thukuta kamukamu, ngati munthu amene akumuchotsa dzino.

Bwanayo anayang'ana imvi zangazi, anayang'ana makamera, anaona kuti sizikukhala. Basi naye pansi khu! Amvekere, "Shikamoo, mama," moni wa kuno umene mwana amapereka kwa akulu. Tsono bwana atagwada ndani angaime? Onse a m'mbuyo mwake, a masuti, wamkulu wa apolisi, mpaka dalaivala, onse pansi, pomwe paja timakhetsera madzi a usipa. Ntchentche zinasangalala tsiku limenelo.

Ndinanena mawu anga aja, matandala ndi abwino, asante, zikomo wa kuno. Za msewu sindinatchule, lonjezo limodzi ndinasunga, ulembe zimenezo. Vuto linali podzuka. Ine ndinadzuka ndekha, koma bwanayo anachita kumunyamula apolisi awiri, buluku lija lili ndi zigamba ziwiri zakuda. Mwana wanga anakwera galimoto osanditsanzika. Nkhuku imene ndinamuphera tinadya tokha, ine osaimva kukoma, ndikuti ndamuchotsetsa mwana ntchito.

Patapita masiku foni inalira. "Amayi, ntchito yakhazikika!" Akuti chithunzi chija chinaoneka pa TV dziko lonse, anthu akuyamikira mtsogoleri wodzichepetsa. Bwanayo anaganiza kuti zonse anakonza dala ndi mlangizi wake.

Ndinati, "Ndiye wawauza kuti nzeru zinali za ndani?"

Akuti, "Za mlangizi, Amayi. Inu simunamvere malangizo."

Wamva mwano wake? Koma sizinathere pomwepo. Tsopano kulikonse kumene bwanayo wapita, ku Lipingo, ku Mpepo, agogo onse amagwada n'kumudikira kuti naye atsike, poti anaona pa TV. Akapanda kutero amati watinyoza. Mawondo ake atupa ngati maungu. Mwezi wathawu amalume ako anaimbanso, akufunsa ngati ndikudziwa mankhwala a mawondo. Ndinawatumizira mafuta a nsatsi pa basi, ndinati uzimusisita wekha bwana wakoyo, nanga mlangizi si iwe.