Diresi la Ukwati pa Basi ya ku Kanyama

Ine ndine telala wa ku Mchinji, ndipo kufikira chaka chimenecho ulendo wanga wautali unali wa ku Lilongwe kokagula nsalu. Ku Lusaka ndinapita chifukwa mwana wa alongo anga ankakwatiwa, ndipo diresi lake laukwati ndinasoka ndine, potsatira miyeso imene ananditumizira pafoni. Ndinafikira kwa akulu anga ku Mtendere. Mkwatibwiyo ankakhala ku Kanyama, mbali ina ya mzinda, ndipo anayenera kuliyesa diresilo nthawi ikadalipo.

Tsiku limene tinapangana, akulu angawo anakanizidwa kujomba kuntchito. Amagwira ya m'nyumba kumayadi. Anangondiperekeza mpaka pamsewu.

"Ukafika m'tauni uzifunsa azimayi ogulitsa malonda," anatero. "Ndipo kuno sanena kuti nditsika. Amati niseluka."

Linali dzinja, mvula itagwa usiku wonse. Basi yoyamba sinandivute. Ndinafungatira chikwama cha diresi pamiyendo, maso ali pawindo, kuona misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndi nyumba zamagalasi zokhazokha. Koma nditatsika m'tauni miyendo inaima yokha. Sindinaonepo anthu ochuluka chotero akuyenda nthawi imodzi, aliyense akudziwa kumene akupita. Mabasi anali atathinana mphuno ndi mchira, oitanira akufuula mayina a malo mothamanga moti Matero, Chawama ndi Lilanda zinkamveka ngati dzina limodzi. Chinyanja chawo ndinkachimva, koma chinkandidutsa ndisanachigwire.

Ndinafunsa mayi wina wogulitsa mapeyala za basi ya ku Kanyama. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Konkhani bamai baja ba beseni. Bayenda kwamene uko."

Ndinawalondola amayi a beseniwo pakati pa mawilibala ndi matope, mpaka tinalowa basi imodzi n'kukhala moyandikana. Anali onenepa, osekaseka, ndipo m'beseni mwawo munali kapenta. Atamva malankhulidwe anga anati, "Ndimwe ba ku Malawi? Manje mwabwela na mvula. Muzaona."

Titapatuka pa tala, ndinaonadi. Msewu kunalibe. Kunali madzi ofiirira kuchokera pakhomo la nyumba iyi kukafika pakhomo la inayo, ndipo basi yathu inangolowamo ngati ndi momwe ziyenera kukhalira. Dalaivala anali bambo wachikulire wosalankhula. Ankakhotera kumanzere, kenaka kumanja, kenaka n'kuima pang'ono, pamalo pomwe ine sindinkaona chilichonse koma madzi. Ndinafunsa chimene ankazemba.

"Myala na migodi," anatero amayi aja, kutanthauza miyala ndi maenje. "Vili pansi. Beve bavidziba."

Madzi anayamba kulowera pachitseko. Anthu onse anakweza miyendo nthawi imodzi osadula nkhani zawo. Ine mtima unali pa diresi. Ndinanyamula chikwamacho mpaka pachibwano, ndipo amayiwo anafuna kudziwa chimene chinali m'katimo. Nditawauza, anatembenuka n'kuuza basi yonse kuti muli diresi laukwati lochokera ku Malawi.

"Peleka kutsogolo," anatero bambo wina wovala ovolosi. "Kuno kumbuyo tizasamba."

Ndisanavomere, chikwama chinali chitachoka kale m'manja mwanga. Chinayenda pamwamba pa mitu, dzanja ndi dzanja, mpaka kwa mayi wina wovala yunifomu ya kwaya amene anakhala pafupi ndi dalaivala. Iye anachiyala pamiyendo n'kuchiphimba ndi chitenje chake.

Manja atapepuka, ndinayamba kuyang'ana bwino panja. Moyo sunaime ngakhale pang'ono. Mayi wina ankakazinga zitumbuwa, mbaula ataikweza patebulo, iye ataima m'madzi ofika m'mawondo. Wometa tsitsi anali atasanja njerwa, mpando pamwamba, n'kumameta munthu modekha ngati ali pouma. Amuna ovala mataye ankalumpha mwala ndi mwala, nsapato zili m'manja. Ndinaiwala mantha. Ndinkangodzifunsa kuti anthu amenewa analimba liti chonchi, ndipo amatha bwanji kutuluka m'madzi otere malaya ali oyera.

Mkwatibwi anali atandiuza kuti akandidikira pachigayo. Nditamuona ataima pakhonde la golosale ya pafupi ndi chigayocho, majombo ali m'manja, mawu anatuluka okha.

"Niseluka, ba kondakitala."

Kondakitala anamenya denga, basi n'kuima. Koma atayang'ana nsapato zanga anapukusa mutu n'kulankhula ndi dalaivala. Basi inabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka chitseko chinakhudza khonde lija. Ndinatsika osaponda madzi. Diresi linatulukira pawindo la kutsogolo, louma, ndipo mayi wa kwaya uja anamufunira mkwatibwi ukwati wabwino ngati amadziwana kalekale.

"Azakhali, mwafika mweka zoona?" anafunsa mwanayo akundiveka majombo, osakhulupirira kuti ndafika ndekha.

Ndinangogwedeza mutu, maso ali pa basi ija ikupitiriza ulendo, mafunde ake akumenya makoma a nyumba.

Kunyumba kwawo mipando inali pamwamba pa njerwa. Anaimirira pabedi poyesa diresilo, ndipo linamukhala bwino kupatula m'chiuno momwe linakula pang'ono. Ndinatulutsa singano ndi ulusi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi majombo ali kumapazi, ndi kuyamba kubweza.