Envelopu Yachiwiri

Ndinachoka ku Ntcheu chaka chomwe Smith, mtsogoleri wa azungu a ku Halale, anakangana ndi Angelezi. Ndinauza mkazi wanga Nambewe kuti ndikakhala zaka ziwiri basi, ndikabwere ndi makina osokera. Iye anangoti, "Muzikalemba makalata, bambo a Esnati."

Ku Halale ndinapeza ntchito yonyamula matumba pa fakitale ina ku Willowvale, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ku Highfield. Tinkalandira Lachisanu, pakatha milungu iwiri iliyonse, m'kaenvelopu kakhaki. Ine ndi nzeru zangazi ndinagawa bwinobwino. Envelopu yoyamba pa mwezi inali ya lendi, ufa, palafini ndi sosayite ya maliro, yachiwiri ya kumudzi. Zonse ndinkalemba m'kabuku, mpaka anzanga ankanditchula kalaliki wosalembedwa ntchito.

Zaka zoyamba zinayenda. Ndalama ndi kalata ndinkapatsira anthu opita kwathu tikakumana pa masitolo a Machipisa. Kenako nkhondo yomenyera ufulu inakula, njira ya ku Tete inayamba kuopsa, ovataimu inatha, zinthu zinakwera mtengo. Envelopu yoyamba inkatha lendi isanakwane, ndiye ndinkabwereka ku yachiwiri. Ngongoleyo ndinkailembanso, ngati ndidzabwezadi.

Kalata ikanatha kupita pa positi, koma yopanda ndalama inkandichititsa manyazi. Mwamuna wa ku Halale n'kutumiza mawu okhaokha? Ndinkawasowa kwambiri anthu anga, koma ndinkangoti ndilemba ndikalandira Lachisanu linalo. Lachisanu linalo linanditengera zaka zisanu ndi zinayi.

Nkhondo itatha ndinabwerera, makina akale ogula pa Machipisa ali paphewa. Nambewe ndinamupeza akupeta chimanga, kamwana kosakhala kanga kali kumbuyo. Amalume ake anali atamumasula kalekale poganiza kuti ndinatchona kapena ndinafa, ndipo anakwatiwanso. Esnati, namwali tsopano, anandigwadira n'kundipatsa moni wa alendo. Moni umenewo umandiwawa mpaka lero.

Ndinatulutsa kabuku kanga kuti ndifotokoze mmene ndalama zinkathera. Nambewe sanakayang'ane n'komwe.

"Ndinakudikirani zaka zisanu ndi chimodzi," anatero, lichero lili m'manja. "Sindinkadikira ndalama ayi. Kodi sitampa inali ndalama zingati, bambo a Esnati?"

Ndinavundukula masamba ngati ndikufunafuna yankho. Palafini analimo, sopo analimo, ngakhale bokosi la maliro anga lomwe linalimo. Sitampa munalibe.