Kazako yokana madzi

Mala, sutikesi ya amalume aakulu, inafika kwathu ku Lifidzi chisanu chili pakati, patapita masabata atatu chiwaikireni m'manda ku Beira, kumene ankaperekera zakudya m'hotela. Mtembo sitinauone. Tinalira maliro pakhomo popanda bokosi, ndipo chawo chimene chinabwerera kumudzi chinali mala yachitsulo yokhayo. Apwitikizi anali asanachoke nthawi imeneyo. Ine ndinali mu kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ku shikola ya ku misoni, ndipo ndinali ndi kaderno, kabuku kamene ndinkalembamo zimene ndinkachita manyazi kuzinena pakamwa.

M'malamo munali malaya oyera, mabuluku awiri, nsapato, ndi kazako, jekete yaubweya yotuwa, ya mabatani atatu ndi nsalu yoterera mkati. Tonse tinadziwa kuti kazakoyo idzagwera amalume aang'ono. Ukwati wawo wa kutchalitchi unali pafupi, analibe chovala chapamwamba pa malaya, ndipo akuchikazi anali anthu a malonda a ku Domwe, odziwa kuyang'ana munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Koma kwathu chovala cha womwalira sichivalidwa chisanalowe m'madzi, ndipo achibale sachapa okha. Amachapa ndi adzukulu, anthu a mudzi woyandikana amene amatigwirira ntchito pa maliro athu, ifenso n'kumawagwirira pa awo.

Mala ija itatsegulidwa, ndinaona kansalu koyera kosokedwa pakhosi pa kazako. Panalembedwa m'Chipwitikizi kuti chovalachi chisachapidwe ndi madzi. Pa anthu onse amene anali m'nyumbamo, wodziwa kuwerenga Chipwitikizi ndinali ine ndekha. Ndinangokopera mawuwo mu kaderno.

M'mawa mwake ndinadikira mpaka anzanga onse atatuluka m'kalasi, n'kuonetsa mawuwo kwa airima, asisitere amene ankatiphunzitsa kusoka. Anandiuza kuti zovala zotere m'matauni amazitsuka ndi benzina, mankhwala onunkha ngati petulo, ndipo kuti ubweya ukanyowa umakwinyika n'kuchepa. Ngati kulibe kuchitira mwina, anatero, madzi akhale ozizira, chisamenyedwe pamwala, chisafinyidwe, chisaone dzuwa.

Amayi ndinawauza tikupuntha nyemba, maso anga ali pansi.

"Nsalu yoopa madzi?" anatero. "Nanga mvula ikagwa ku Beira amalume ako ankaithawitsira kuti?"

Anapitiriza kupuntha kwa kanthawi, kenaka anaika ndodo pansi n'kunditenga kupita kwa amene adzachape.

Anali mayi wamtali, wokonda fodya wa m'mphuno. Adzukulu amaloledwa kuseka anamfedwa ngakhale misozi isanaume, ndipo mayiyu ufulu umenewu sankausiya kunyumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati amene analemba kansaluko ankadziwa kuti mwini kazako adzamwalira. Benzina, anatero, mwina amachotsa mafuta a nkhuku, koma imfa imachoka ndi madzi oyenda. Amayi anawadandaulira za ukwati. Mayiyo anayetsemula, n'kundiloza.

"Chabwino. Aprofesora awa abwere kumtsinje adzandiphunzitse kuchapa. Ine ndinayamba kuchapa amayi awo asanamere mano, koma abwere."

Tinapita Loweruka m'mawa, udzu uli woyera ndi chisanu. Malaya ndi mabuluku mayi wa fodya uja anazipaka sabawu, anazimenya pamwala, anazifinya mpaka kudontha komaliza. Kazako inatsala yokha. Ine ndinaima pamtunda, manja kumbuyo, poti kugwira sikunali kwanga. Ndinayamba kunena malangizo a airima, iwo akuti sakumva, ndikweze mawu. Ndinabwereza, akuti mtsinje ukusokosa. Kenaka anainyamula kazako m'mwamba ndi manja awiri ngati akufuna kuimenyetsa pamwala, ndipo ndinakuwa. Mawu otere sindinkadziwa kuti ndili nawo. Anaseka mpaka kukhala pansi.

Atatha kuseka analowa nayo m'madzi mpaka m'maondo. Anaimiza pang'onopang'ono, dzanja limodzi pansi pa khosi, monga asambitsira khanda. Ankalankhula ndi amalume motsitsa mawu, akuwatchula iwe monga amachitira adzukulu: unapita kutali iwe, n'kukagula zokana madzi kuti udzativutitse. Madzi otuwa ankachoka m'nsalumo kutsikira kumunsi. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa apo m'pamene ndinamvetsa kuti amalume sadzabweranso. Pa maliro paja sindinalire.

Tinaiika pakati pa nsalu ziwiri zouma n'kuipsinja ndi zikhato, poti tsopano tinali ololedwa kuigwira. Kunyumba tinaiyala pamphasa, pamthunzi wa mtengo wa mapichesi, mapewa titawakhutitsa ndi makoko a chimanga.

Kenaka kunagwa chifunga. Masiku atatu dzuwa silinaoneke, ndipo kazako inangokhala yolemera, yozizira, ikununkha ngati nkhosa yonyowa. Amayi anaopa kuti ichita nkhungu. Tsiku lachinayi, pobwera ku shikola, ndinaipeza itapachikidwa m'nyumba yophikira, pamwamba pa moto, nthunzi ikutuluka m'mapewa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Airima ananena za dzuwa, za moto sananene, ndipo amayi anali atatopa ndi maliro. Ndinapita kukatunga madzi. Mu kaderno ya tsiku limenelo muli mzere umodzi wokha, wonena kuti kazako yauma.

Pa tsiku logawa katundu achibale anasonkhana pabwalo. Amalume aang'ono anapukuta manja pabuluku asanailandire. M'mapewa inalowa, ngakhale movutikira. Manja a kazako anathera zala zitatu pamwamba pa mfundo za manja awo. Nsalu yoterera ya mkati, imene sinachepe, inalendewera kunsi ngati lilime, ndipo pachifuwa panali timakwinya tosamva dzanja. Ngakhale mayi wa fodya uja sanapeze choseka.

Amalume anatambasula manja, anawayang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene anali aafupi kuposa ine. Ndinaiwala."

Sizinali zoona. Awiriwo anali ofanana msinkhu, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa. Koma akuluakulu anavomera ndi mitu, wina anatinso n'zoona, malemuwo anali aafupi ndithu, ndipo anapitiriza kugawa mabuluku.

Mpaka lero sindidziwa ngati chinaichepetsa ndi mtsinje kapena moto. Ine ndi amayi sitinakambiranepo. Iwo anaipinda nsalu ya mkatiyo n'kuisoka ndi ulusi wakuda, ine ndikuwalowetsera ulusi m'singano, ndipo makwinya tinayesa kuwasita kudzera pansalu yonyowa. Makwinya ena anachoka.

Pa ukwati amalume anaivala osamanga mabatani. M'tchalitchi monse anaima manja ali kumbuyo, ndipo kwa a ku Domwe, amene anakhala mbali ina, inkaoneka bwino. Koma pofika pa mphete anayenera kutambasula dzanja pamaso pa onse. Anazengereza pang'ono. Mkwatibwi anayang'ana mkono woonekerawo, wotuwa ndi kuzizira, kenaka anaugwira ndi dzanja lake lamanzere pamene pathera nsalu, ndipo sanausiye mpaka apadiri atamaliza.