Kompyuta Yanu Yaonetsa Bana Banga kwa Munthu Amene Tinathawa

Ninadina pansi, chinayaka pamwamba.

Pa Chibili, 10 koloko m'mawa, ninalowa mu kafe ya intaneti ija ya chitseko chabuluu, kumbuyo kwa maketi ku Chawama. Foni yanga ni ya mabatani. Ninafuna chinthu chimodzi chabe: kubisa vithunzi va bana banga pa peji yanga ya pa intaneti. Batate bawo ninabathawa chaka chatha, nili na chipsera pamutu, ndipo bakali kutisakila.

Ninalipila K10. Bene ba kafe bananikhazika pa kompyuta yakale ya pakona. Yatsopano ati ni ya banyamata bobetcha bola.

Ninatsitsa peji na kawilo ka mausi. Kamuvi ninakaika pa mawu akuti nione ine nekha. Kudina, chasankha mzere wina pamwamba. Ninaitana: "Ba bosi, onani ichi."

Osanyamuka na pampando. Ati, "Ba sisi, bulauza ya iyo, chija chotsegulila intaneti, ni nkhalamba. Ukatsitsa peji, siiziba kuti watsika, ibelengela kamuvi kuchokela kumwamba. Dinani chabe, izagwila."

Dinani chabe! Ninadina katatu. Nthawi inasila, bananichotsapo, ati vakhala bwino.

Vinakhala bwino? Chinasankha kuti aliyense aone. Vonse, na vija vinali vobisika kale. Mwana wanga wamkulu mu yunifomu, pa geti ya sukulu, dzina la sukulu kumbuyo kwake, pyee.

Pa Chitatu, 2 koloko, mng'ono wanga ananionetsa pa foni yake. Mulamu wanga, mlongo wa mwamuna uja, analemba pansi pa chithunzi: "Kanshi muli kuno."

Ninabwelela ku kafe. Ba bosi kuseka. Ati, "Manje ine ndine ninapanga intaneti?"

Simunapange, ba tata. Koma munaziba kuti ija kompyuta inama. Munanena mweka na pakamwa panu. Bola ni yofunika kupambana bana ba munthu?

Mvelani. Nauza bazimai ba ku chalichi, ba pa pompi, na ba mu maketi monse. Loweluka nizaimilila pa chitseko chanu, aliyense wolowa nizamuuza. Muzakhala mweka na nkhalamba yanu mpaka igwile nguwe.

Peji ninaifafaniza yonse pa foni ya mng'ono wanga. Ku sukulu ninafika belu isanalile, ninatenga mwana, ninauza ba tichala kuti mwamuna aliyense akabwela, bakambe kuti sibatiziba. Yunifomu ninaishoka pa mbaula. Tinakwela minibasi ziwili na chola chimodzi, wamng'ono kumbuyo, wamkulu kumanja.

Kumene bagona manje musanifunse. Na bamai banga sibaziba.