Sakina ndi Nyimbo za M'kaseti ya Mayi Gitel

Chaka cha 2004 chinamuwawa Sakina. Mayeso a Fomu 2 analephera, mayi ake anamwalira, ndipo amalume ake a ku Kawale sanapsatire mawu.

"Ukapanda kupeza chochita pofika Disembala, ukupita kumudzi. Mwamuna tinakupezera kale."

Mwamunayo anali wa akazi awiri, imvi mutu wonse. 

Panthawiyo ankachita ganyu yosita zovala kwa Mayi Gitel, mzimayi wokalamba wachiyuda wa ku Area 3, amene ankakonda kaseti ya zisudzo zoimba. Sakina ankaitsatira tsiku ndi tsiku, simbi ili m'manja, mpaka analoweza nyimbo zonse osamva liwu n'limodzi lomwe. Mlonda wapageti, katswiri wa zonse monga alili alonda ena, anamuuza kuti n'Chijeremani. Kenako mayiwo anabwerera kwawo, ganyu n'kuthera pomwepo.

Mu Novembala, Weston, mtsogoleri wa gulu la zisudzo ku Biwi, ankafuna woimbira alendo ochokera ku Jeremani. Wochita bwino akanalowa m'gululo n'kupatsidwa pogona.

"Achimwene, ine Chijeremani ndimaimba," anatero Sakina, mawu akunjenjemera.

"Iwe? Ukatichititsa manyazi, usadzapondenso pano."

Milungu iwiri ankayeserera pamjigo, anzake akumuseka kuti mutu wasokonekera. Iye sanaleke.

Tsikulo litafika, holo inadzaza. Atangoimba ndime yoyamba, mayi wina mwa alendowo anagwira pakamwa, misozi ili mbwee. Sakina anadzifunsa mumtima. Kodi mwina m'nyimbomo muli zotukwana? Weston anamukodola kuti asiye. Koma iye anakumbukira imvi zija, natsinzina, n'kuimba mpaka kumapeto.

Palibe anaomba m'manja. Mlendoyo anaimirira, womasulira ali pambali pake.

"Akuti chimenechi si Chijeremani," anatero womasulirayo. "N'Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda. N'chapachibale ndi Chijeremani, ngati mmene zilili Chichewa ndi Chisena, moti mawu ena awamva. Anthu ankachinyoza kuti n'Chijeremani chowonongeka, koma chinali ndi zisudzo zakezake. Akuti ambiri ochilankhula anaphedwa ndi anthu a kwawo kwa mayiwa, ku Jeremani, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse."

Sakina anagwada pansi. "Pepani mayi, sindimadziwa."

Mlendoyo anamugwira dzanja n'kumudzutsa.

"Akuti usapepese. Akuti imbanso."

Anaimbanso, ndipo ulendo uno holo yonse inaimirira. Disembala atakwana, Sakina anamangadi chikwama chake, koma anakwera minibasi ya ku Biwi. Lero amalemba zisudzo zoimba m'Chichewa, ndipo amaphunzitsa atsikana ena.

Inu amene mukunjenjemera lero, dziwani kuti nayenso Sakina ankanjenjemera. Mantha asakutsekeni pakamwa nyimbo isanathe. Limbani mtima, imbani mpaka kumapeto.