Abambo Aonda, Adokotala Akondwa

Moni nonse kumudziko.

Tangochoka kumene ku kiliniki kuno ku Yeoville, ku Joni, ndi abambo. Shuga watsika, BP yatsika, mafuta a m'magazi nawonso atsika. Adokotala akuti mtima sukuvutikanso ngati kale, bola asasiye mapilisi ndi kuyenda pansi popita kuntchito.

Koma potuluka, abambo akweza shati kundionetsa lamba. Aboola kale mabowo awiri ndi msomali! Akuti, "Ndikafike kumudzi pa Khirisimasi nditaonda chonchi? Anthu adzati ndatenga matenda aja ku Joni. Ndiyambirenso magwinya," mandasi akuno aja.

Ndawakalipira m'takisi momwemo mpaka aseka okha.

Ndiye inu mukuti bwanji? Mudzawalandira oonda akuyenda okha, kapena mukufuna onenepa abwere m'bokosi?