Mabokosi amiyala a ku Luxeuil

Bambo a Tadala, lero foni yanditulutsira chithunzi cha ulendo wa parishi uja tinapita ku Luxeuil, ku France. Mwaima pambali pa mabokosi amaliro amakedzana osema pamiyala, mutapinda manja chifukwa cha kuzizira. Wotiyendetsa anatiuza kuti kalekale anthu a ufumu wa Roma ankasamba m'akasupe otentha a pamalopo, mudziwo n'kudzasanduka bwinja, kenako amonke ochokera kuno ku Ireland n'kudzamangapo nyumba yawo yopemphereramo, osabwereranso kwawo. Inu munandigunyuza n'kunena kuti, "Mwamva, mayi a Tadala? Anzathuwa nawonso anagona kwa eni. Ine mudzangondiika pomwe ndagwera." Ndinaseka n'kukuuzani kuti musiye zamalodza.

Ndinakuikanidi konkuno ku Lucan. Mayi anu ku Dedza mpaka lero sayankha foni yanga. Akuti ndinataya mwana wawo kutchire, ndipo alibe manda oti azikasesa. Achemwali anu ndimawauza kuti munanena nokha, ndi pakamwa panu. Koma lero ndachiyang'anitsitsa chithunzichi, bambo, ndipo ndaona kuti mukumwetulira. Kodi tsiku lija munkanenetsa, kapena zinali nthabwala zanu zija?